Ola Limodzi, Mafunso Awiri: Kukonzekera Gawo Lolemba la Mayeso a IELTS

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Lero tikamba za mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, makamaka gawo lake lolemba. Inu amene mukufuna kukachita maphunziro ku Britain, Australia kapena Canada, ndi inu anamwino amene mukufuna kukagwira ntchito kunja, dzinali si lachilendo. Mu situdiyo muno ndili ndi aphunzitsi amene ntchito yawo ndi kukonzekeretsa anthu mayeso amenewa. Aphunzitsi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo kwambiri, mayi. Ndipemphe omvera kuti ngati pali kope ndi cholembera pafupi, atenge. Ziganizo zina ndizinena m'Chingerezi, ndipo zidzawathandiza akazilemba n'kuziona ndi maso.

MUULUTSI: Tiyambe ndi mayeso enieniwo. Ndi otani?

APHUNZITSI: Mayesowa anayamba mu 1989, ndipo eni ake ndi mabungwe atatu: British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge. Ali ndi magawo anayi: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula. Gawo lililonse limachongedwa pa mulingo wa 0 mpaka 9, umene amautcha band, ndipo pamakhalanso matheka, monga 6.5. Zotsatira zake malo ambiri amazilandira kwa zaka ziwiri.

Gawo lolemba ndi la mphindi 60, mafunso awiri. Loyamba, Task 1, limafuna mawu osachepera 150. Lachiwiri, Task 2, ndi chimangirizo cha mawu osachepera 250. Pa mtundu wa Academic, umene masukulu a ukachenjede amafuna, funso loyamba limakhala lofotokoza galafu, tebulo, mapu kapena chithunzi chosonyeza mmene chinthu chimapangidwira. Pa mtundu wa General Training, funso loyamba ndi kalata. Musanalipire ndalama, funsani kumene mukupitako kuti akufuna mtundu uti.

MUULUTSI: Nanga n'chifukwa chiyani mwasankha kukamba za kulemba kokha?

APHUNZITSI: Chifukwa ndi pamene anthu athu ambiri amakakamira. Tengani anamwino. Bungwe lolembetsa anamwino ndi azamba ku Britain, Nursing and Midwifery Council, kuyambira mu December 2018 linayamba kulandira 6.5 pa kulemba, pamene magawo atatu enawo limafuna 7. Ndiye mumapeza munthu wodziwa ntchito yake, Chingerezi amalankhula tsiku ndi tsiku kuchipatala, magawo atatu wakhoza bwino, koma pa kulemba wapeza 6. Theka lokha lamubweza, ndipo ndalama ya mayesowa si yochepa. Zimandipweteka, mayi, chifukwa theka limenelo nthawi zambiri limatayika pa zinthu zimene munthu angathe kukonza yekha kunyumba.

MUULUTSI: Ochonga amayang'ana chiyani kwenikweni?

APHUNZITSI: Zinthu zinayi, ndipo zonse n'zolemera mofanana. Kodi mwayankha funso lonse? Kodi maganizo anu ayalidwa bwino, ndime ndi ndime? Kodi mawu amene mwasankha ndi oyenera, ndipo masipelo ake ndi olondola? Kodi galamala yanu ndi yolondola, ndipo ziganizo zanu n'zamitundumitundu? Ndizo zokha. Palibe malikisi a kudabwitsa wochonga.

Ndanena dala zimenezi. Ambirife tinakula tikumva kuti wodziwa Chizungu ndi amene amagwetsa mawu akuluakulu oti mnzake athamangire dikishonale. Pa mitsutso ya ku sekondale, woombedwa m'manja anali ameneyo. Ndiye munthu amalowa m'chipinda cha mayeso ataloweza "plethora", "myriad", "in this contemporary era", n'kumazimwaza paliponse. Wochonga wakumana nazo kambirimbiri, ndipo amaona msanga kuti chiganizo choyamba n'chosalala chifukwa n'choloweza, pamene chachiwiri, chimene munthu wapanga yekha, chili ndi zolakwa zitatu. Zoloweza sizipatsa malikisi, zimachotsetsa. Chimodzimodzi miyambi. Pa chimangirizo cha Chichewa, mwambi woikidwa pamalo pake umakometsa nkhani. Pa Task 2, zinthu ngati "every coin has two sides" zimangodya malo a mfundo.

MUULUTSI: Komatu aphunzitsi, mwanena nokha kuti mawu amachongedwa. Munthu asaonetse kuti amadziwa mawu ambiri?

APHUNZITSI: Aonetse, koma kudziwa mawu kumaoneka pa kulunjika kwake. Funso likakhala la zachilengedwe, wolemba "soil erosion", "deforestation", "crop yields" pamalo oyenera waonetsa zambiri kuposa wolemba "plethora of problems". Ndiponso phunzirani mawu pamodzi ndi anzake amene amayenda nawo. M'Chingerezi amati "make a decision", "commit a crime", "heavy rain". Mukalemba "do a decision" kapena "strong rain", mawu onse ndi a Chingerezi, koma sayendera limodzi.

MUULUTSI: Tilowe mu galamala tsopano.

APHUNZITSI: Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitse. Zolakwa za ife olankhula Chichewa si zachisawawa ayi. Zili ndi gwero lake, ndipo zambiri zimachokera ku chilankhulo chathu, chimene chili ndi malamulo akeake abwinobwino. Munthu ukadziwa pamene malamulo awiriwa amasiyana, umadziwa pofunika kusamala.

Choyamba ndi timawu titatu: "a", "an" ndi "the". M'Chichewa mulibe. Timangoti "boma limange sukulu", nkhani yatha. Ndiye m'Chingerezi munthu amalemba "Government should build school in village." Chiganizo chimodzi, mabowo atatu. Lamulo limene lingakupulumutseni ndi ili: dzina la chinthu chowerengeka, likakhala la chinthu chimodzi, siliima lokha. Payenera kukhala "a", "the", "my", "this" kapena kena kotere patsogolo pake. "The government should build a school in the village." Mukamanena za zinthu zonse za mtundu umodzi, osati chinthu chimodzi chodziwika, njira yosavuta ndi kuchulukitsa dzinalo n'kusiya timawuto: "Children need books." Ena akamva kuti timasowa, amayamba kuthira "the" paliponse: "The education is important for the development." Ayi. "Education is important for development." Maphunziro onse, chitukuko chonse, safuna "the".

Chachiwiri ndi mayina osawerengeka. Ife timati malangizo, zipangizo, mipando, maumboni, zonse zochuluka. Chingerezi chimaona "advice", "equipment", "furniture", "evidence", "information" ndi "research" ngati mmene ife timaonera ufa. Sitinena kuti maufa awiri, timati matumba awiri a ufa. Ndiye "advices", "equipments", "informations" kulibe. Mukafuna kuwerenga, nenani "two pieces of advice". Mneni wakenso akhale wa chinthu chimodzi: "The equipment is expensive."

MUULUTSI: Mwatchula mneni. Nanga ka "s" kaja kamene kamasowa kumapeto?

APHUNZITSI: Apa ndimawalimbikitsa ophunzira anga kuti khutu la mgwirizano wa dzina ndi mneni ali nalo kale, lakuthwa kuposa la Mngelezi. Mwana wazaka zinayi amadziwa kuti timati "mtengo wagwa" koma "mitengo yagwa", "chipatso chapsa" koma "zipatso zapsa". Chingerezi chimangopempha kanthu kamodzi: pa nthawi yatsopano, mwininkhani akakhala mmodzi, mneni atenge "s". "The child needs", "the children need". Vuto limabwera chiganizo chikatalika. Tamvani ichi: "The number of students who live in cities have increased." Wolemba wakopeka ndi "cities" amene ali pafupi. Koma chimene chakwera n'chiyani? Ndi "number", chinthu chimodzi. Choncho "has increased". Mukalemba mneni, bwererani m'mbuyo mufunse kuti mwini wake ndani.

Palinso "he" ndi "she". Ife "iye" ndi wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndiye munthu amayamba ndime ndi "she", pofika pakati wasanduka "he". Pa chimangirizo, pewani vutoli pochulukitsa: "parents", "workers", kenako "they".

MUULUTSI: Pali china chimene ndimachimva kawirikawiri, ngakhale m'maofesi: "although" kenako "but".

APHUNZITSI: Mwachigwira, mayi. M'Chichewa n'zomveka bwino kunena kuti "Ngakhale mvula inagwa, koma chimanga sichinachite bwino." M'Chingerezi musankhe chimodzi. "Although the rains came, the harvest was poor." Kapena "The rains came, but the harvest was poor." Zonse ziwiri pamodzi ndi kulakwa.

M'bale wake wa vutoli ndi kulumikiza ziganizo ziwiri zokwana ndi mpatuliro wokha. Timalankhula motero, mawu akungotsatana, ndiye polemba munthu amafika mizere isanu osaika mpumiro. "School fees are high, many parents cannot pay, children drop out." Pamenepo pali ziganizo zitatu. Ikani mpumiro, kapena bweretsani mlumikizi weniweni: "Because school fees are high, many parents cannot pay." Ndipo dziwani kuti "however" ndi "therefore" salumikiza ziganizo ngati mmene "but" ndi "so" amachitira. Tsekani chiganizo choyamba, yambani china ndi "However", kenako mpatuliro.

Ndiye pali Chingerezi chathu cha tsiku ndi tsiku, chimene tonse timamvana nacho bwinobwino koma wochonga sachilandira. Ndingotchula mofulumira. "Discuss about", chotsani "about". "Emphasise on", chotsani "on". "Cope up with" ndi "cope with". "Can be able to", sankhani "can" kapena "be able to". "Return back" ndi "return". "Many families are having cars" ndi "Many families have cars". Ndipo "borrow" ndi kubwereka, "lend" ndi kubwereketsa. Banki imachita "lend", inu mumachita "borrow".

MUULUTSI: Masipelo nawo?

APHUNZITSI: Ochonga amalandira masipelo a ku Britain ndi a ku America omwe, "colour" wa "u" ndi wopanda "u". Sankhani njira imodzi muitsate. Koma ife tili ndi malo athu awiri oterera. Oyamba ndi "l" ndi "r". M'Chichewa malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu. Lamulo la kalembedwe limangoti "r" abwere pambuyo pa "e" ndi "i", monga mu kulera ndi kulira. M'Chingerezi "collect" ndi "correct" ndi mawu awiri osiyana, chimodzimodzi "play" ndi "pray", "glass" ndi "grass". Achiwiri ndi malembo a liwu. Ife tili ndi maliwu asanu, Chingerezi chili ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndiye "live" ndi "leave", "staff" ndi "stuff", "this" ndi "these" amamveka ofanana m'khutu mwathu. Khutu silingakuthandizeni apa. Lembani mawuwa awiriawiri kumapeto kwa kope lanu, muziwaona kawirikawiri. Amene mudzalembe pa kompyuta, dziwani kuti imakuwerengerani mawu koma siikukonzerani sipelo.

(Nyimbo pang'ono)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za gawo lolemba la mayeso a IELTS. Aphunzitsi, munthu wakhala pa desiki, wotchi yayamba. Achite chiyani?

APHUNZITSI: Adziwe kuti Task 2 imalemera kawiri kuposa Task 1. N'chifukwa chake eni mayeso amalangiza mphindi 20 pa yoyamba ndi 40 pa yachiwiri. Ambiri amakodwa ndi galafu, akufuna kutchula nambala iliyonse, podzidzimuka theka la ola latha. Palibe lamulo loti muyambe ndi Task 1. Ine ndimakonda kuti wophunzira amene amachedwa ayambe ndi chimangirizo, mutu ukadali wozizira.

Pa Task 1 ya Academic pali chinthu chimodzi chimene chikasowa, band imatsika ngakhale galamala ikhale yabwino. Amachitcha overview: chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chithunzi chonse. Chakwera n'chiyani, chatsika n'chiyani, chachikulu koposa n'chiti. Musachisiye. Kenako sankhani manambala ofunika okha, muwayerekeze. Maganizo anu asalowemo, ndipo musafotokoze chifukwa chimene galafu sinanene. Yang'anani zaka zimene zalembedwa: zikakhala zakale, aneni akhale a nthawi yakale. Samalaninso ndi aperekezi awiri, "by" ndi "to". Tiyerekeze mtengo unali 50 n'kufika 60. "It rose by 10" akunena kusiyana kwake, "it rose to 60" akunena pamene wafika. Mukasinthanitsa, mwanena bodza pa nambala.

Olemba kalata pa General Training, funso limakupatsani mfundo zitatu. Iliyonse ipeze ndime yake, ndipo onani kuti mukulembera ndani, bwana kapena mnzanu, kuti mawu anu agwirizane naye.

MUULUTSI: Nanga chimangirizo?

APHUNZITSI: Mphindi zisanu zoyambirira musalembe chiganizo. Werengani funso kawiri, mudule mzere pansi pa chimene akulamula. Akati "Discuss both views and give your own opinion", ntchito zilipo zitatu: mbali iyi, mbali inayo, ndi maganizo anu. Mukasiya imodzi, mwayankha funso loperewera. Akati "To what extent do you agree or disagree", akufuna amve pamene mwaima.

Apa pali mwambo wathu umene tiyenera kuuzindikira. Kwathu munthu waulemu safikira pa mfundo. Pabwalo la milandu kapena pa chinkhoswe, wolankhula amayamba kutali, amalemekeza onse, mfundo yake n'kudzaitula kumapeto. Ndi luso, ndipo ine ndimalilemekeza. Koma wochonga mayesowa akufuna adziwe maganizo anu m'ndime yoyamba, ndipo awaone akuyenda osasintha mpaka kumapeto. Choncho ndime yoyamba ikhale yaifupi: nenani nkhaniyo m'mawu anuanu, kenako nenani mbali yanu. Musakopere funso, chifukwa mawu okopera sawerengedwa pa 250 paja.

Pakati, ndime ziwiri kapena zitatu. Ndime iliyonse mfundo imodzi. Nenani mfundoyo, fotokozani chifukwa chake, perekani chitsanzo. Mfundo ziwiri zofukulidwa bwino zimaposa zisanu ndi imodzi zongotchula. Ndipo zitsanzo zichokere ku zimene mukudziwa. Funso likakhala la mayendedwe a m'mizinda, mukhoza kulemba za maminibasi ndi akabaza a mumzinda wanu. Likakhala la maphunziro, mukudziwa zimene zinachitika pamene Malawi anayamba maphunziro aulere a pulayimale mu 1994: ana anakhamukira kusukulu, koma zipinda ndi aphunzitsi zinachepa. Chimenecho n'chitsanzo champhamvu, ndipo ndi chanu. Simufunika kupeka kafukufuku wa ku yunivesite ina ya kutali. Lembani m'ziganizo zathunthu, osati mndandanda wa timfundo.

MUULUTSI: Ena amati chiganizo chilichonse chiyambe ndi "moreover" kapena "furthermore".

APHUNZITSI: Ayi ndithu. Mawu olumikiza akachuluka, ochonga amaona kuti angomatidwa. Kulumikizana kwenikweni kumachokera pa maganizo: chiganizo chachiwiri chikutuluka m'choyamba. Timawu ngati "this", "these problems", "as a result" timagwira ntchito imeneyi mwakachetechete.

Za kutalika kwa ziganizo, pa band 7 amafuna aone ziganizo zamitundu yosiyanasiyana, ndipo ziganizo zopanda cholakwa zizipezeka kawirikawiri. Ndiye sakanizani. Gwiritsani ntchito "because", "although", "if", "which", zimene mukuzidziwa bwino. Koma chiganizo chikafika mzere wachitatu ndipo simukukumbukanso mmene chinayambira, chiduleni.

MUULUTSI: Mphindi zomaliza?

APHUNZITSI: Sungani zinayi kapena zisanu zowerenganso, ndipo muwerenge ndi cholinga. Amayi akamasankha mpunga pa lichero, diso lawo limafuna timiyala ndi mankhusu, sayang'ana njere iliyonse. Inunso mulowe m'chipindamo mukudziwa kale timiyala tanu. Wina vuto lake ndi "the", wina ndi "s" wa mneni, wina ndi mpatuliro. Mukadziwa zanu zitatu, mphindi zimenezo mungofuna zitatuzo.

Njira yozidziwira ndi iyi. Lembani chimangirizo mutatchera wotchi pa mphindi 40, popanda foni, popanda dikishonale. Mupatse munthu wodziwa Chingerezi, mwina mphunzitsi wa ku sekondale ya pafupi, ndipo mumupemphe kuti asakukonzereni, angodula mzere pansi pa cholakwa. Kukonza mukonze nokha. Kenako lembani m'kope mtundu wa cholakwa chilichonse. Mukachita zimenezi kangapo, muona kuti zolakwa zimene mumayesa zambirimbiri zija ndi mitundu yochepa yomwe ikungobwerezabwereza. Ndipo chimangirizo chokonzedwacho muchilembenso chonse. Ambiri amathamangira funso latsopano, chonsecho kuphunzira kwenikweni kuli pa kulembanso. Mafunso oyeserera ndi ndondomeko imene ochonga amatsata zili pa intaneti, pa masamba a eni mayesowa, kwaulere.

MUULUTSI: Muwasiyire omvera ntchito yakunyumba.

APHUNZITSI: Nayi, ndiwerenga pang'onopang'ono. "Some people believe that governments should spend more on primary schools than on universities. Discuss both views and give your own opinion." Ndibwereze. "Some people believe that governments should spend more on primary schools than on universities. Discuss both views and give your own opinion." Mphindi 40, mawu osachepera 250. Mukamaliza, zungulizani dzina lililonse la chinthu chimodzi chowerengeka, muone ngati lili ndi kamawu kake patsogolo.

MUULUTSI: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzayankha limodzi funso limeneli ndime ndi ndime, ndiye mudzabwere ndi zimene mwalemba.

(Nyimbo yotsekera)